Kochi amene sakuuza chochita: ukochi wa munthu payekha ndi phindu lake

Tikamva mawu akuti kochi, ambiri timaona munthu woima m'mbali mwa bwalo la mpira, thukuta lili kamukamu, akukuwa ndi kuloza uku ndi uku. Koma pali kochi wina amene sakuwa ndipo alibe timu. Ameneyu amakhala pansi ndi munthu mmodzi, maso ndi maso kapena pa foni, kwa ola limodzi kapena kucheperapo, ndipo gawo lalikulu la nthawiyo amakhala akumvetsera. Ntchito yake ndi kuthandiza munthuyo kuti adziwe bwino chimene akufuna pa moyo wake, aone chimene chikumutsekereza, kenako anyamuke n'kuchitapo kanthu. M'Chingerezi ntchitoyi imatchedwa personal coaching kapena life coaching. Muno ndizingoti ukochi, ndipo munthu wopita kwa kochi ndizimutchula wothandizidwa.

Mawu enieniwo adachokera ku ngolo. Ku Hungary kuli mudzi wotchedwa Kocs, umene m'zaka za m'ma 1400 udatchuka ndi ngolo zabwino zokokedwa ndi akavalo. Dzina la mudziwo lidasanduka dzina la ngolozo, ndipo lidafalikira m'zilankhulo zambiri za ku Ulaya. Cha m'ma 1830 ophunzira a pa yunivesite ya Oxford adayamba kutchula mphunzitsi wapadera wowakonzekeretsa mayeso kuti kochi, ngati kunena kuti iyeyo ndiye ngolo yowawolotsa pa mayesowo. Zamasewera zidatengera mawuwa pambuyo pake. Mbiri imeneyi ndimaikonda chifukwa phata la nkhani yonse lili pomwepo: ngolo imakufikitsa msanga, koma wosankha kopita ndi wokwera. Kochi akangoyamba kusankhira munthu kopita, ndiye kuti ukochi wausiya, wayamba ntchito ina.

Zimene zimachitika akakhala pansi awiriwo

Tiyerekeze mayi wa zaka 40 amene wagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina kwa zaka 12. Kwa zaka zitatu tsopano akhala akunena kuti abwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro, koma chaka chilichonse nthawi yolembetsa imadutsa iwo ali chikhalire. Lero abwera kwa kochi.

"Mayi, pamene ola lino lizitha, mukufuna mutuluke muno ndi chiyani?" akufunsa kochiyo.

"Ndikufuna mundiphunzitse kugwiritsa bwino ntchito nthawi. Nthawi imangondithawa. Mwinanso ndi ulesi chabe."

"Mutapeza maola asanu pa sabata, opanda wokusokonezani, choyamba mungachite n'chiyani?"

"Ndingalembe fomu yofunsira malo."

"Fomuyo imatenga nthawi yaitali bwanji kulemba?"

Mayi aja ayang'ana pansi, akuseweretsa cholembera m'manja. "Mwina ola limodzi basi."

Kochi sakuyankha. Wangokhala phee, akuwayang'ana mofatsa. Masekondi akudutsa, ndipo kwa munthu wosazolowera, chete wotere amalemera ngati mwala. Kenako mayi aja akupumira m'mwamba.

"Ndiye kuti si nthawi ayi. Ndikuopa. Ndidachoka m'kalasi kalekale. Akanditenga n'kukalephera, ana anga adzandiona bwanji? Ine ndi amene ndimawakalipira akabwera ndi zotsatira zoipa."

Taonani zimene kochiyu sadachite. Sadatulutse ndandanda ya kagwiritsidwe ntchito ka nthawi, ngakhale kuti n'zimene adapemphedwa. Sadanene kuti "musaope, mukhoza ndithu," mawu amene mnzawo aliyense akadanena ndipo akadangodutsa ngati mphepo. Sadayambenso kusimba za munthu wina amene adabwerera kusukulu atakula. Adafunsa mafunso atatu afupiafupi n'kukhala chete. Vuto lenileni, limene lidabisala zaka zitatu kuseri kwa mawu akuti "ndilibe nthawi," lidatuluka m'kamwa mwa mwini wake. Ndipo chimene munthu wanena yekha ndi pakamwa pake sachikana msanga ngati chimene wauzidwa.

Ine ndidakhalapo pa mpando wa wothandizidwa, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chete ameneyu. Pa kucheza kwa masiku onse, ukangopuma pang'ono mnzako amalowererapo ndi maganizo ake, ndiye ganizo lako limafera m'njira lisanakhwime. Kupeza munthu amene angakudikire mpaka umalize kuganiza ndi chinthu chosowa kwambiri kuposa mmene timaganizira.

Kumene njira imeneyi idachokera

Kufunsa m'malo mouza si nzeru yatsopano. Socrates, munthu wanzeru wa mumzinda wa Athens ku Greece wakale, ankaphunzitsa ndi mafunso. Koma ukochi wa masiku ano udayamba kuoneka bwino pa bwalo la tenisi. Timothy Gallwey wa ku America, amene ankaphunzitsa masewerawa, adaona chinthu chodabwitsa: akachulutsa malangizo, monga pinda bondo, kweza mkono, tembenuza phewa, wophunzira ankauma thupi n'kumaphonya kwambiri. Tsono adayesa njira ina. Ankauza wophunzirayo kuti aiwale za kamenyedwe, angoyang'anitsitsa mpira, ndipo ukagunda pansi atchule mokweza kuti wagunda, akaumenya atchulenso kuti waumenya. Maganizo atatanganidwa ndi kantchito kakang'onoka, thupi lidayamba kudzikonza lokha. M'buku lake la 1974, The Inner Game of Tennis, Gallwey adafotokoza kuti wosewera amalimbana ndi adani awiri, wina ali tsidya lina la ukonde, wina ali m'mutu mwake momwe, ndipo wam'mutuyu, amene amangodzudzula ndi kukayikira, ndiye woopsa. Pambuyo pake adaiika mfundoyi mwachidule: zimene munthu amakwanitsa ndi luso lake lonse kuchotserapo zomusokoneza. Ngati zili choncho, ndiye kuti nthawi zina munthu safunikira kuwonjezeredwa nzeru. Amafunikira kuchotseredwa chomutsekereza.

John Whitmore wa ku Britain, amene kale anali woyendetsa galimoto za mpikisano, adaphunzira kwa Gallwey n'kutengera maganizowa m'makampani. Buku lake la 1992, Coaching for Performance, lidatchukitsa ndondomeko yotchedwa GROW, imene makochi ambiri amaigwiritsabe ntchito. Zilembo zinayizo ndi zoyamba za mawu anayi a Chingerezi oimira masitepe anayi a kukambirana: cholinga chako n'chiyani, zinthu zili bwanji panopa, pali njira zanji zimene ungatsate, ndipo pa zonsezo uchita chiti ndipo liti. Chaka chomwecho ku America, Thomas Leonard, amene ankathandiza anthu kukonza za chuma chawo, adatsegula sukulu yophunzitsa makochi yotchedwa Coach U. Iye adaona kuti anthu obwera kudzakamba za ndalama ankafuna kwenikweni kukamba za moyo wawo wonse. Mu 1995 adayambitsa bungwe limene lero limatchedwa International Coaching Federation, mwachidule ICF.

Pansi pa zonsezi pali maganizo a Carl Rogers, katswiri wa zamaganizo amene mu 1951 adatulutsa buku la Client-Centered Therapy. Rogers ankakhulupirira kuti munthu akamvetseredwa moona mtima, osaweruzidwa, amayamba kupeza yekha njira yotulukira m'mavuto ake. Ukochi udabwereka zambiri kwa iye, ngakhale kuti ukochiwo si chithandizo cha matenda a maganizo.

Kochi si mlangizi, si dokotala, si mnzako

Anthu amasokoneza ntchito zimenezi, ndipo kusokonezako kumapweteketsa. Mlangizi, nkhalakale pa ntchito imene iwe ukuyamba kumene, amakuuza mmene iye adayendera ndi maenje amene adagweramo. Katswiri wopereka upangiri amaunika vuto lako n'kukupatsa yankho, mwinanso kukugwirira ntchitoyo. Mphunzitsi amakupatsa chidziwitso chimene ulibe. Onsewa ndi ofunika, ndipo pali nthawi imene munthu amafunikira iwowa osati kochi. Ngati sudziwa kulemba ndondomeko ya bizinesi, mafunso okha sangakuphunzitse, pita kwa wodziwa akuonetse. Kochi amathandiza pamene chidziwitso chilipo kale, kapena n'chosavuta kuchipeza, koma munthu sakusuntha.

Kusiyana kwa kochi ndi katswiri wothandiza odwala maganizo n'kofunika kukumvetsa bwino kwambiri. Nthawi zambiri anthu amati katswiriyo amayang'ana zakale pamene kochi amayang'ana zam'tsogolo. Izi n'zoona pang'ono chabe, chifukwa njira zina zothandizira odwala maganizo zimayang'ananso za lero ndi za mawa. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti katswiriyo adaphunzira kwa zaka zambiri kuzindikira ndi kuchiza matenda monga kuvutika maganizo kwakukulu, nkhawa yopitirira muyeso, ndi mabala a mumtima obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu adakumana nazo. Kochi sadaphunzire zimenezi ndipo sayenera kuziyesa. Iye amagwira ntchito ndi munthu amene moyo wake ukuyenda ndithu, koma akufuna kusintha kapena kukonza mbali ina.

Nanga bwanji osangokamba ndi mnzako kapena m'bale wako? Kamba nawo ndithu, palibe kochi angalowe m'malo mwawo. Koma amene amakukonda amakhala ndi mbali pa nkhani yako. Ukanena kuti ukufuna kusiya ntchito, mwamuna kapena mkazi wako amayamba kuwerengera ndalama za pakhomo. Kholo lako limaopa kuti ungavutike. Mnzako wa ku ntchito amaganiza zoti atsala yekha. Palibe choipa pamenepa, ndi chikondi chomwe, koma chimachititsa kuti asathe kumva ganizo lako mpaka kumapeto popanda kulikokera kwawo. Kochi sapindula kapena kutaya kanthu kaya usankha kupita kapena kukhala.

Mmene ntchito yonse imayendera

Kawirikawiri pamakhala kukumana koyamba kongodziwana, kuti aliyense aone ngati angagwirizane ndi mnzake. Zikatheka, awiriwo amapangana: akumana kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, malipiro ndi otani, ndipo n'ziti zimene kochi angathandize ndi zimene sangathandize. Ambiri amakumana kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Nkhani zokambidwa ndi zachinsinsi, kupatula pamene moyo wa munthu uli pachiswe kapena lamulo likufuna kuti zidziwike. Ngati wolipira ndi bwana wa ku ntchito, mpofunika kumvana pachiyambi pomwe kuti bwanayo aziuzidwa chiyani, chifukwa munthu sangamasuke akamakayikira kuti mawu ake akafika ku ofesi.

Nkhani zimene anthu amabwera nazo ndi zosiyanasiyana: kusintha ntchito, kuyamba udindo wotsogolera anzawo, kulephera kukana zopempha za anthu, kuzengereza, kusamala ndalama, kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi, kukonzekera kupuma pa ntchito. Mutu wa tsikulo amabweretsa ndi wothandizidwa. Ntchito yambiri imachitikanso kunja, pakati pa kukumana kumodzi ndi kwina, pamene munthu akuyesa zimene adalonjeza.

Phindu lake lili pati

Phindu loyamba ndi lakuti cholinga chimayera. Anthu ambiri timayenda ndi zofuna zosaoneka mutu wake: ndikufuna moyo wabwino, ndikufuna kutukuka, ndikufuna mtendere. Akatswiri awiri a zamaganizo, Edwin Locke ndi Gary Latham, adafufuza za zolinga kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1960, ndipo adapeza mobwerezabwereza kuti cholinga chomveka bwino komanso chovutirapo chimatulutsa zotsatira zabwino kuposa kungouza munthu kuti ayesetse mmene angathere. Kochi amakakamira pa mafunso monga akuti, "Mukati kutukuka, mukutanthauza chiyani? Tsiku limene mwafika, mudzadziwa bwanji kuti mwafika?" Mafunso otere amatopetsa, koma amasandutsa chikhumbo kukhala chinthu chogwirika.

Pali funso lina lozama kuposa pamenepa, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene ukochi wabwino umasiyana ndi wachiphamaso. Cholingacho n'chayani? Akatswiri ena a zamaganizo, Edward Deci ndi Richard Ryan, adaonetsa mu kafukufuku wawo kuti munthu amalimbikira nthawi yaitali pa chinthu chimene wasankha yekha mochokera pansi pa mtima, kusiyana ndi chimene akuchita poopa manyazi kapena pofuna kusangalatsa ena. Anthu ambiri amathamangitsa zolinga zobwereka: digiri imene makolo ankailakalaka, udindo umene anzawo onse ali nawo, nyumba yofanana ndi ya m'bale wawo. Akamalephera kusuntha amadzitcha aulesi, pamene mtima wawo ukungokana ulendo umene si wawo. Nthawi zina chotsatira chabwino koposa cha ukochi chimakhala chakuti munthu wasiya cholinga chimene adabwera nacho, ndipo wapepukidwa ngati watula katundu amene adamusenza zaka khumi.

Phindu lachiwiri ndi kuwoloka kuchoka pa kufuna kufika pa kuchita. Mtsinje umenewu wamiza anthu ambiri a zolinga zabwino. Peter Gollwitzer, katswiri wa zamaganizo wa ku Germany, adaonetsa kuti munthu akakonzeratu kuti "zakutizakuti zikachitika, ine ndichita chakuti," mwayi woti achitadi umakwera kwambiri. Kunena kuti ndiziwerenga kwambiri n'kosiyana ndi kunena kuti ana akangogona Lachiwiri ndi Lachinayi, ndikhala pa tebulo n'kutsegula buku kwa mphindi 40. Mawu achiwiriwa achotsa mpata wokambirana ndi ulesi, chifukwa chosankha chidapangidwa kale. N'chifukwa chake kochi samulola munthu kutuluka ndi mawu akuti "ndiyesetsa." Amafunsa kuti liti, kuti, ndi ndani, ndipo n'chiyani chingalepheretse.

Funso lomalizali ndi lofunika. Gabriele Oettingen, nayenso katswiri wa zamaganizo, adapeza kuti kungolota zabwino, kudziona utapambana kale, kumatha kufooketsa munthu, chifukwa maganizo amasangalala ngati kuti ntchito yatha. Chimene chimathandiza ndi kuona chabwino chimene ukufunacho, kenako n'kuyang'ana mosabisa chopinga chimene chili mwa iwe mwini, n'kuchikonzekera. Ndikutchula izi dala, chifukwa pali anthu ambiri odzitcha makochi amene malonda awo onse ndi akuti ganiza zabwino ndipo zibwera. Kafukufuku sagwirizana nawo.

Phindu lachitatu ndi losavuta kulimvetsa: pali wina amene adzakufunsa. Lonjezo lodzilonjeza wekha mumtima umaliphwanya popanda womva. Koma ukadziwa kuti Lachisanu likudzali munthu adzakufunsa kuti zidayenda bwanji, umadzuka. Kochi wabwino safunsa ngati wapolisi. Ukalephera, amafuna kudziwa chimene chidachitika, chifukwa m'kulepherako muli phunziro: mwina sitepe idali yaikulu, mwina nthawi idali yolakwika, mwina cholinga chenichenicho chikufunika kuchionanso. Kuperekezedwa kotere n'kofunika chifukwa kusintha khalidwe kumatenga nthawi. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London adatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano. Adapeza kuti pa anthu amene zidawayendera, nthawi yapakatikati yoti chinthu chizolowereke idali masiku 66, koma ena zidawatengera masiku 18 okha pamene kwa ena chiyerekezo chidafika masiku 254. Adapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga zonse. Munthu amene ali yekha amagwa ulesi pa sabata yachitatu n'kuganiza kuti iyeyo ndiye wolephera, pamene zoona zake n'zakuti ulendowo ndi wautali basi.

Palinso phindu la kudziona. Tonse tili ndi zizolowezi zimene ena amaziona koma ife sitiziona, ndipo ambiri satiuza poopa kutikhumudwitsa. Kochi angathe kunena kuti, "Bambo, aka n'kachitatu mukutchula ntchito imeneyi, ndipo nthawi zonse mawu anu amatsika. Mwaona zimenezo?" Kapena, "Mwanena kuti mulibe chosankha, koma m'mphindi khumi zapitazi mwatchula njira ziwiri." Sakuweruza, akungobweza kwa munthu zimene wamva ndi kuona. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kochi amatsina khutu atapemphedwa ndi mwini khutulo.

Pomaliza pake, munthu amatengera mafunsowo. Pakapita miyezi ingapo, amayamba kudzifunsa yekha asanakumane n'komwe ndi kochi: kodi ndikufunadi chiyani apa, ndi mbali iti imene ili m'manja mwanga, sitepe yaing'ono yoyamba ndi iti. Ukochi woyenda bwino umathera pamenepo, kochi osafunikanso.

Kodi umboni ulipo?

Ulipo, koma tiunene molingana ndi kukula kwake. Mu 2000, Anthony Grant adayambitsa gawo lophunzitsa ndi kufufuza za ukochi pa yunivesite ya Sydney ku Australia, ndipo kuyambira nthawi imeneyo kafukufuku wakhala akuchuluka. Mu 2014, Tim Theeboom ndi anzake a pa yunivesite ya Amsterdam adasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 18 n'kupeza kuti ukochi umathandiza pa kagwiridwe ka ntchito, pa mtendere wa mumtima, pa kupirira zovuta, pa mmene munthu amaonera ntchito yake, ndiponso pa kudzilamulira potsata zolinga. Mu 2016, Rebecca Jones ndi anzake adaunika akafukufuku 17 a ukochi wa ku ntchito ndipo adapezanso zotsatira zabwino.

Komabe ambiri mwa akafukufukuwa adachitikira m'malo a ntchito, ena adali ndi anthu ochepa, ndipo ambiri adadalira zimene othandizidwawo adanena okha za mmene akumvera. Munthu amene walipira ndalama zake ndi kutayapo nthawi amafuna kukhulupirira kuti wapindula. Choncho tinganene molimba mtima kuti ukochi umathandiza anthu ambiri pa mlingo wooneka. Koma wina akakuuzani kuti ukochi wake usintha moyo wanu wonse m'masiku 30, kapena kuti ndalama zanu zibwerera kuchulukitsa kambirimbiri, dziwani kuti akulankhula ngati wotsatsa malonda.

Pamene pali ngozi

M'mayiko ambiri palibe lamulo loletsa munthu aliyense kudzitcha kochi. Dokotala kapena loya amafunika chiphaso cha boma, koma kochi angathe kudzuka m'mawa, kutsegula tsamba pa intaneti n'kuyamba kulandira ndalama. Mabungwe monga ICF, European Mentoring and Coaching Council ndi Association for Coaching adakhazikitsa malamulo awo a khalidwe ndi masatifiketi. Ku ICF, mwachitsanzo, satifiketi yoyamba imafuna maola 60 a maphunziro ndi maola 100 othandiza anthu, yachiwiri maola 125 ndi 500, ndipo yapamwamba kwambiri maola 200 ndi 2,500. Koma kulowa m'mabungwewa n'kongofuna munthu mwini. Satifiketi siitsimikizira kuti kochi ndi waluso, imangosonyeza kuti adaphunzirako ndipo pali kokadandaula akalakwa.

Ngozi yaikulu ndi ya kochi amene sadziwa malire ake. Mu 2002, katswiri wa zamaganizo Steven Berglas adachenjeza m'magazini ya Harvard Business Review kuti makochi osaphunzira za maganizo angathe kukulitsa vuto pamene akuthandiza munthu amene kwenikweni akudwala. Taganizirani munthu amene sakugona, sakudya, chilichonse chasiya kumusangalatsa, ndipo akulephera kudzuka m'mawa chifukwa cha matenda ovutika maganizo. Akapatsidwa ndandanda ya zolinga n'kulephera kuikwaniritsa, amangoonjezera kudziimba mlandu. Munthu wotere, komanso amene akuganiza zodzipha, amene wagwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, kapena amene akuchitidwa nkhanza pakhomo, akufunika dokotala, katswiri wa zamaganizo kapena chitetezo, ndipo akufunika msanga. Kochi woona amazindikira zizindikiro zimenezi n'kunena mosapita m'mbali kuti nkhaniyi yapitirira ntchito yake, n'kumuthandiza munthuyo kupeza woyenera.

Pali chinanso chimene chimandipweteka mtima ndikachimva. Makochi ena amaphunzitsa kuti chilichonse chochitika pa moyo wa munthu chimachokera m'maganizo ake, ndiye ngati ndi wosauka kapena sakupeza ntchito, vuto ndi kaganizidwe kake. Uku n'kunamiza anthu komanso kuwachitira nkhanza. Ntchito zikasowa m'dziko, zasowa. Bwana wankhanza ndi wankhanza ngakhale wantchito ataganiza zabwino motani. Ukochi ungathandize munthu kuona mbali imene ili m'manja mwake n'kuigwiritsa bwino ntchito, ndipo mbali imeneyo nthawi zambiri imakhala yokulirapo kuposa mmene ankaganizira. Koma sungafafanize zimene zili kunja kwa mphamvu zake, ndipo suyenera kumusenzetsa mlandu wa zimenezo.

Tsono posankha kochi, mufunseni kumene adaphunzira ndi kwa nthawi yaitali bwanji, malamulo a khalidwe amene amatsata, ngati ali ndi wina womuunika pa ntchito yake, ndi chimene amachita akaona kuti munthu akufunika thandizo la kuchipatala. Pa kukumana koyamba, tcherani khutu kuti amene akulankhula kwambiri ndani. Ngati ndi iye, ndipo nkhani yake ndi ya kupambana kwake, pitani kwina. Chenjeraninso ndi wokukakamizani kulipiriratu miyezi yambiri lero lomwe, wokuuzani kuti mutalikirane ndi abale amene akukayikira, ndi wokupangitsani kumva kuti popanda iye simungasankhe kanthu. Ndipo inu nomwe dzifunseni ngati mwakonzeka, chifukwa munthu wotumizidwa mokakamizidwa, kapena wofuna kuti wina amusankhire zochita, sapindula kwenikweni.

Tibwerere kwa mayi aja. Patatha masabata awiri abweranso, ndipo asanakhale n'komwe pansi akuti, "Fomu ija sindidatumize."

"Chabwino. Chidachitika n'chiyani?"

"Ndidaitsegula Lachiwiri usiku monga tidapanganira. Ndidalemba dzina ndi zina zonse. Nditafika pofunika kufotokoza chifukwa chimene ndikufunira maphunzirowa, manja adangouma. Koma m'mawa mwake ndidaimbira foni mayi wina amene adachita maphunziro omwewa ali ndi zaka 45. Adandiuza kuti chaka choyamba adalephera phunziro limodzi n'kulibwereza, ndipo mwana wawo ndi amene ankawathandiza masamu."

"Mutamva zimenezo, mudaganiza chiyani?"

"Ndidauza ana anga. Ndidawauza kuti ndikufuna kubwerera kusukulu ndiponso kuti ndikuopa. Wamkuluyo adangoti, 'Amayi, ndiye tiziwerengera limodzi patebulo.'" Akupukuta m'maso ndi chala, kenako akutulutsa pepala lopindidwa m'chikwama. "Ndime yotsalayo ndayamba kuilemba apa. Tsiku lomaliza kulandira mafomu ndi pa 30."

"Mukufuna tigwiritse ntchito bwanji ola la lero?"

"Ndikuwerengereni zimene ndalembazi. Musandikonzere ayi. Mungondifunsa pamene simukumva."